Jaguar yakale ndi zingati? Mbiri ya mtengo wosakhazikika

Mu 1961, munthu wa ku Britain wokhala ndi mapaundi 2,097 akanatha kulembetsa Jaguar E-Type yatsopano, yopanda denga. Patatha zaka 15, galimoto yomweyo inkapezeka pa mapaundi mazana ochepa chabe, ogula n'kumachitanso kunyinyirika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu ankakatenga ngongole kubanki kuti aigule, ati ndi chuma chosawola. Pofika 1992 ambiri mwa anthu amenewo anali ndi galimoto m'galaja, ngongole kubanki, wogula osaoneka. Chitsulo chake n'chomwecho, injini yomweyo. Ndiye pa mitengo yonseyi, woona unali uti?

Ndikudziwa kuti ambiri a inu simudzagula E-Type. Inenso ayi ndithu. Koma tonsefe timagula zinthu zimene ena anagwiritsapo kale ntchito: foni ya pa Facebook, laputopu ya mnzathu wa kukoleji, Vitz kapena Sienta ya ku Japan imene tangoiona pazithunzi. Tikafunsa kuti "zingati?", timayankhidwa ndi munthu amene akuchidziwa bwino chinthucho kuposa ife, ndipo phindu lake lili pa zimene ife sitikuzidziwa. Pamsika wa magalimoto akale othamanga, aja amati sports car, vuto limeneli limakula mpaka kufika kukhoti ndi kundende. N'chifukwa chake mbiri yake imandikoka.

Geneva, 1961

E-Type inaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha magalimoto ku Geneva m'mwezi wa March 1961. Inapangidwa kufakitale ya Browns Lane mumzinda wa Coventry, kampani ili m'manja mwa Sir William Lyons. Maonekedwe ake anawajambula ndi Malcolm Sayer, katswiri amene anayamba wagwira ntchito kukampani yopanga ndege, ndipo boneti lalitali lija ndi zotsatira za masamu ake a kayendedwe ka mphepo. Anthu ofuna kuikwera ku Geneva anachuluka kwambiri moti Norman Dewis, dalaivala woyesa magalimoto a kampaniyo, anauzidwa kuti asiye zonse n'kuyendetsa ina usiku wonse kuchokera ku Coventry, kuwoloka nyanja pa Dover, mpaka kukafika m'mawa.

Chimene chinadabwitsa anthu sichinali kukongola kokha. Galimotoyi inali ndi injini ya malita 3.8, ndipo magazini amene anaiyesa analemba kuti imafika mamailosi 150 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 240. Aston Martin DB4 yothamanga chimodzimodzi mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Lyons anali munthu wodziwa kufinya ndalama. Koma kutchipako kunali ndi potulukira pake: zitsulo za bodi sizinatetezedwe mokwanira ku dzimbiri, ndipo palibe ankaganiza kuti galimotozi zidzakhalapobe patatha zaka 60. Komanso magalimoto amene anapatsidwa atolankhani aja anali atakonzedwa mwapadera, moti E-Type yogula mushopu inkaperewera pang'ono pa 150 paja. Mukuona kuti kukometsera malonda kunayamba tsiku loyamba lenilenilo.

Palinso nkhani imene ogulitsa amakonda kuibwereza, yoti Enzo Ferrari mwini wake anavomera kuti iyi ndiye galimoto yokongola kuposa zonse. Mukawerenga zotsatsa khumi za E-Type, mudzaipeza kambirimbiri. Nkhaniyi imagwira ntchito imodzi basi: kufewetsa mtima wa wogula asanagwade pansi kuti aone kunsi kwa galimoto.

Dzina limodzi, magalimoto osiyana

Apa mpamene wogula woyamba kumene amasokonezekera. Kuyambira 1961 mpaka 1974 anapanga ma E-Type oposa 72,000, koma sanali ofanana. Mu 1964 injini inakula kufika malita 4.2 ndipo giyabokosi inasinthidwa. Mu 1966 kunabwera mtundu wa 2+2, wautali, wadenga lokwera, wokhala ndi timipando tiwiri kumbuyo. Ambiri mwa magalimotowa ankapita ku America, ndiye malamulo a kumeneko okhudza utsi ndi ngozi atayamba kugwira ntchito mu 1968, Jaguar inamvera. Magalasi ophimba nyali zakutsogolo anachotsedwa, nyali zakumbuyo zinakula, ndipo injini zopita ku America zinachepa mphamvu. Umenewu ndiwo mtundu wotchedwa Series 2. Mu 1971 kunabwera Series 3 ya injini ya V12, malita 5.3, yolemera ndi yakumwa mafuta ngati ili ndi ludzu la chilimwe.

Kenako mavuto anagundana. Jaguar inali italowa m'chikampani chachikulu cha British Leyland mu 1968, chomwe chinkadziwika ndi sitalaka ndi ntchito yamphwayi. Ku America kunafika Datsun 240Z ya ku Japan, yotchipa kwambiri ndiponso yosavutavuta. Mu 1973 mafuta anakwera mtengo padziko lonse. Ma E-Type omaliza anakhala m'mashopu osagulidwa mpaka 1975, ndipo akale aja anasanduka magalimoto a anyamata osowa ndalama zowasamalira. Ankawamata dzimbiri ndi zilizonse, kuwapaka penti, n'kuwagulitsa kwa mnyamata wina. Zaka zimenezi muzizikumbukira, chifukwa E-Type iliyonse yomwe ilipo lero inadutsamo, ndipo zimene inakumana nazo nthawi imeneyo zili pansi pa penti yowalayo.

Chodabwitsa n'chakuti msika wa lero umalipira kwambiri zinthu zimene Jaguar inkaziona ngati zolakwika. Magalimoto oyambirira anali ndi pansi pathyathyathya, moti munthu wamtali ankasowa poika miyendo, ndipo kampani inakonza zimenezi mu 1962. Magalimoto 500 oyambirira anali ndi zotsekera boneti kunja, zofuna kiyi wakewake, nazonso anazisintha msanga. Lero E-Type ya pansi pathyathyathya ndi zotsekera zakunja ndiyo yodula kuposa inzake yabwino kuyendetsa. Wogula sakulipira ubwino wa galimoto. Akulipira kusowa kwake.

Chaka chimene aliyense anali katswiri

Pa 19 October 1987 misika ya masheya inagwa padziko lonse, tsiku lija amalitcha Black Monday. Anthu a ndalama anayamba kufuna poika chuma chawo pooneka ndi maso. Patangotha mwezi umodzi, kampani ya Christie's inagulitsa Bugatti Royale pa mapaundi 5.5 miliyoni muholo ya Royal Albert Hall ku London. Mu August 1988 Enzo Ferrari anamwalira, anthu n'kuganiza kuti galimoto iliyonse yopangidwa iye ali moyo yasanduka chosowa. Ku Japan nako mitengo ya malo ndi masheya inali itakwera mopenga, ndipo ndalama zimenezo zinafika m'maokushoni a ku Europe ndi ku America.

Chitsanzo chodziwika ndi Ferrari 250 GTO. Anapanga 36 zokha pakati pa 1962 ndi 1964, ndipo yatsopano inali madola pafupifupi 18,000. Mu 1989 munthu wina wa ku Japan anagula imodzi pa madola oposa 13 miliyoni. Mu 1994 galimoto yomweyo inagulitsidwanso pamtengo wosafika ngakhale madola 4 miliyoni.

Ferrari ikakwera, Jaguar inkatsatira pambuyo. Anthu osadziwa kusiyanitsa kabuleta ndi batire ankagula ma E-Type osawayendetsa n'komwe. Amalonda anathamangira ku California, komwe nyengo youma inasunga bwino mabodi, n'kumabweza magalimoto ku Britain m'makontena. Akafika ankasamutsa chiwongolero kuchoka kumanzere kupita kumanja, ena mpaka kudula denga kuti galimoto ioneke ngati yopanda denga chibadwire, poti imeneyo ndiyo inali ndi ndalama. Ntchito yambiri inali yothamangira msika, ndipo magalimoto amenewo akuzungulirabe mpaka pano.

Mu October 1989 chiwongoladzanja ku Britain chinafika 15 peresenti. Chuma cha Japan chinayamba kuphwa mu 1990. Onse amene anagula ndi ngongole anafuna kugulitsa nthawi imodzi, ndipo mitengo inagwa chagada. Mmodzi mwa okodwa anali Lord Brocket, mwini nyumba yaikulu ya Brocket Hall ku Hertfordshire, yemwe anali atasonkhanitsa ma Ferrari ambiri. Mu 1991 anauza a inshuwalansi kuti ma Ferrari atatu ndi Maserati imodzi zabedwa, n'kupempha mapaundi 4.5 miliyoni. Zoona zake zinali zoti magalimotowo anawaphwasula ndi kuwaduladula, iye akudziwa. Mu 1996 anamangidwa. Munthu wobadwira m'chuma anafika powononga magalimoto osowa chifukwa anakhulupirira kuti mtengo wa chaka chimodzi ndiwo mtengo wamuyaya.

Khasu la agogo kukhoti

Tiyerekeze kuti agogo anakusiyirani khasu. Mpini unathyoka, bambo anu anaikapo wina. Kenako chitsulo chinatha, inu mwagula china. Kodi likadali khasu la agogo? Funso limeneli linafika kukhoti lalikulu ku London mu 1990, pamlandu wa mapaundi 10 miliyoni.

Galimoto yake inali Bentley yotchedwa Old Number One, imene inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1929 ndi 1930. Mwini wake, Ed Hubbard, anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge kuti aigule pamtengo umenewo. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo, ikunena kuti iyi si galimoto imene inapambana ija. Mfundo anali nayo. Mu 1932 galimotoyo inamangidwanso pa chasisi china, inaikidwa injini ina, inachita ngozi pabwalo la Brooklands yomwe inapha dalaivala wake Clive Dunfee, kenako n'kumangidwanso ndi bodi ina. Mmodzi mwa mboni anali Walter Hassan, makaniko amene anaimanganso mu 1932, panthawiyi ali nkhalamba ya zaka za m'ma 80. Hassan yemweyu ndi amene pambuyo pake anathandiza kupanga injini za Jaguar, kuphatikizapo V12 ya E-Type.

Woweruza, a Otton, anagamula mokomera Hubbard. Anavomereza kuti zitsulo zambiri za 1929 zinali zitapita, koma anati galimotoyo ili ndi mbiri yosaduka: pa sitepe iliyonse zinkadziwika kuti yasinthidwa chiyani, ndi ndani, ndipo panalibe galimoto ina imene ikanalanda dzinalo. Kuchokera pamenepo, mawu oti mbiri yosaduka akhala pakamwa pa aliyense pamsika umenewu. Tanthauzo lake kwa wogula ndi lakuti mbali yaikulu ya ndalama zake ikugula mapepala.

Kuika mtengo lero

Msika unadzukanso. Chuma cha dziko chitagwedezeka mu 2008, chiwongoladzanja chinatsika kwambiri ndipo ndalama zinabwereranso ku magalimoto akale. Ferrari 250 GTO ina inagulitsidwa madola 38.1 miliyoni mu 2014, ina madola 48.4 miliyoni mu 2018. Mu January 2017, imodzi mwa ma E-Type 12 a mpikisano otchedwa Lightweight inapita pa madola 7.37 miliyoni ku Scottsdale. Manambala otere ndi amene wogulitsa E-Type wamba ya 2+2 yodzadza dzimbiri amafuna kuti akhale m'mutu mwanu. Ndiye munthu wanzeru amayambira pati?

Choyamba, afunse kuti galimotoyi ndi iti kwenikweni. Bungwe la Jaguar Daimler Heritage Trust limasunga mabuku akale a fakitale, ndipo limapereka setifiketi yosonyeza nambala ya chasisi, ya injini, ya bodi ndi ya giyabokosi, tsiku limene galimoto inapangidwa, mtundu wa penti yake yoyamba, ndi kumene inatumizidwa. Manambala a pagalimoto akagwirizana ndi a pasetifiketi, mtengo umakwera. Ngati setifiketi ikuti inatuluka ndi chiwongolero kumanzere kupita ku New York koma lero chili kumanja, galimotoyo ikhoza kukhala yabwinobwino, kungoti isagulidwe pamtengo wa imene inabadwa choncho. Makilomita kapena mamailosi a pa dashibodi musawadalire. Mita yake ili ndi manambala asanu okha, ikafika 99,999 imayambiranso, ndipo kuibweza ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chimene chimalankhula zoona ndi mulu wa malisiti a kugalaja, zikalata za eni ake akale ndi zithunzi za nthawi imene inkakonzedwa.

Chachiwiri ndi bodi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu ukuchita ngati anaupekera E-Type. Galimotoyi ilibe chasisi chapachokha kuyambira pagalasi lakutsogolo kupita kumbuyo. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula zonse, ndipo injini imakhala pa timapaipi tachitsulo tomangidwa kutsogolo kwake. Dzimbiri likadya m'munsi mwa zitseko ndi pansi, ndiye kuti msana wa galimoto wathyoka. Odziwa amayenda ndi kamaginito: pamene sikakugwira, pali phala lomatira m'malo mwa chitsulo. Amaona ngati zitseko zikutsekeka bwino, ngati mpata wa pakati pa boneti ndi bodi uli wofanana mbali zonse, ndipo amaikweza m'mwamba kuti aone kunsi ndi tochi. Injini yofuka utsi imaopsa munthu wosadziwa, koma kuikonza n'kotchipa poyerekeza ndi kuwotcherera bodi yatsopano. Ngakhale zinthu zooneka zazing'ono zili ndi msampha: kusintha kilatchi kumafuna kutulutsa injini, ndipo mabuleki akumbuyo ali m'kati, pafupi ndi difu, moti ntchito yaikulu pamenepo imafuna kutsitsa zakumbuyo zonse.

Chachitatu, ayang'ane mitengo imene anthu analipiradi. Mtengo wolembedwa pa chotsatsa ndi pemphero la wogulitsa. Mwana wa mlimi wa fodya amadziwa kuti zimene bambo ankayembekeza popita ku okushoni ndi zimene zinalembedwa pa belo ndi zinthu ziwiri zosiyana, komanso kuti giredi ndiyo imalamula. Magalimoto nawo ali ndi magiredi. Kampani ya inshuwalansi ya Hagerty, imene imafalitsa mitengo ya magalimoto akale, imawagawa panayi: kuyambira giredi 1, yoyenera kupambana pachionetsero, mpaka giredi 4, yoyenda koma yotopa. Pafupifupi wogulitsa aliyense amaona galimoto yake giredi imodzi pamwamba pa pamene ili. Zotsatira za okushoni nazo zimafuna kuziwerenga modekha. Pamtengo wogogodedwa nyundo, wogula amawonjezerapo ndalama ya kampani yogulitsayo, kawirikawiri 10 mpaka 15 peresenti. Ndipo kuti mtengo uphulike pamangofunika anthu awiri olemera amene sakufuna kugonjerana madzulo amenewo. Mtengo umodzi wotere si msika. Msika ndi magalimoto asanu kapena khumi ofanana, amene agulitsidwa m'miyezi yapitayi.

Mukaphatikiza zitatuzi, masamu ake ndi osavuta. Tengani mtengo umene galimoto yabwino ya mtundu womwewo yagulitsidwa posachedwa, chotsanipo ndalama zofunika kuti iyi ifike pamenepo, malinga ndi makaniko wodziwa amene mwamulipira inuyo, osati mnzake wa wogulitsa. Nthawi zambiri yankho limatuluka lochititsa manyazi, mwina kutsika kupitirira ziro, chifukwa kumanganso E-Type yonse kumadya maola oposa 1,000 a amisiri. N'chifukwa chake odziwa amati yotchipa ndiyo yodula, ndipo ndi bwino kugula imene wina anawonongerapo kale ndalama zake.

Mu 1970 katswiri wa zachuma George Akerlof analemba nkhani yotchuka yokhudza msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, yomwe inathandiza kuti alandire mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake inali yoti wogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa, amangolipira mtengo wapakati, eni magalimoto abwino amakana kugulitsa, msika n'kudzaza ndi zoipa. Masetifiketi, malisiti, magiredi ndi kamaginito kaja ndi njira zimene anthu apeza zochepetsera mdima umenewo. Ndi zomwezo zimene timachita tikamafunsa blue book, kuyerekeza nambala ya chasisi, ndi kupita ndi makaniko wathu pokaona galimoto pamalo ogulitsira.

Pali chinthu chimodzi chimene masamu aja sangachigwire, ndicho m'badwo. Anthu amagula galimoto imene ankailota ali ana, akafika pa msinkhu wokhala ndi ndalama. Amene anali anyamata mu 1961 tsopano ali m'zaka za m'ma 80, ambiri akugulitsa osati kugula. M'badwo wathu unakulira pa mafilimu a Fast & Furious ndi magemu a Gran Turismo, ndiye taonani zimene zikukwera: Nissan Skyline GT-R ndi Toyota Supra za m'ma 1990. Supra ya lalanje imene inagwiritsidwa ntchito mufilimu yoyamba ija inagulitsidwa madola 550,000 mu 2021. Anzathu ena ayamba kale kulankhula za magalimoto amenewa momwe anthu a mu 1989 ankalankhulira za Ferrari, kuti sangatsike.

Ine ndikamva mawu amenewo ndimakumbukira Brocket. Mtengo wachilungamo ulipo ndithu, koma ndi wa galimoto iyi, ndi mapepala awa, mwezi uno. Ukaugula ndi ngongole poyembekeza kuti wina adzakulipira zambiri mawa, ukubetcha. Ngati ungasangalale nayobe galimotoyo mtengo wake utatsika ndi theka chaka chamawa, ndipo ukadali ndi ndalama zogulira kilatchi, nenerera mtengo mpaka pamene masamu ako afika. Wogulitsa akakana, m'patse nambala yako ya foni, umuthokoze, uzipita.